Musamatule sitampa imeneyo, mayi

Mayi wina wanditumizira imelo. Akuti m'sutikesi ya malemu amalume ake wapezamo envelopu yakale yokhala ndi chithunzi cha sitima yankhondo yoyenda pansi pa madzi, dzina lake Nautilus, ndipo akufunsa ngati angaiviike m'madzi kuti amatule sitampa n'kukagulitsa.

Mayi, nditawerenga mtima unandiwawa, chifukwa zimenezo ndinazichitapo ine.

Ndili Sitandade 6 ndinkatolera masitampa. Agogo aakazi ankasunga mtolo wa makalata amene agogo aamuna ankatumiza ali ku migodi ku Joni, womanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Tsiku lina ndinatenga lumo, kudula ngodya za maenvelopu onse, kuviika m'beseni, kuyanika pamkeka. Agogo sanakalipe. Anangotola envelopu imodzi yoboola pakona n'kufunsa, "Nanga tsiku lija lapita kuti, mdzukulu wanga?" Sankadziwa kuwerenga bwino, koma manambala a pachidindo cha ku positi ofesi ankawazindikira, ndipo ndi amene ankawakumbutsa chaka chimene anabadwa mayi anga. Mpaka lero zimandiluma.

N'chifukwa chake ndimakana kwamtuwagalu ndikamva kuti chamtengo ndi sitampa. Ayi. Sitampa anasindikiza zambirimbiri zofanana. Chidindo ndicho chimanena kuti pepala ili linali pamalo akuti, tsiku lakuti.

Tsono Nautilus si sitima wamba. Ndi yoyamba padziko lonse kuyenda ndi mphamvu ya nyukiliya. Anaipangira ku Groton, m'chigawo cha Connecticut ku America. Pulezidenti Harry Truman ndiye anakhazikitsa ntchito yoimanga pa 14 June 1952, Mamie Eisenhower, mkazi wa Pulezidenti Eisenhower, anaitsitsira m'madzi pa 21 January 1954, ndipo inalowa m'gulu lankhondo pa 30 September chaka chomwecho. Sitima zakale zoyenda pansi pa madzi zinkadalira dizilo ndi mabatire, choncho zinkayandama pafupipafupi kuti injini ipeze mpweya. Iyi inkatha masabata ili pansi. Pa 3 August 1958, motsogozedwa ndi William Anderson, inadutsa pa North Pole, nsonga ya kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kunsi kwa madzi oundana, muli anthu 116. Taganizani, pamwamba panu ayezi yekhayekha, popanda potulukira! Inapuma ntchito pa 3 March 1980, ndipo kuyambira 1986 anthu amakalowamo kukaona ku Groton komweko.

Pa masiku apadera ngati amenewa otolera masitampa ankakonza maenvelopu, kujambula sitimayo kumanzere, n'kukadinditsa ku positi ofesi tsiku lomwelo. Ku America alinso ndi bungwe lawo, Universal Ship Cancellation Society, la mu 1932. Ena amanyoza kuti maenvelopu otere ndi ochita kupanga, sananyamule uthenga wa munthu. Sindivomereza. Wina anadzuka m'mawa, kukaima pamzere, kuti tsikulo lisaiwalike.

Zoti muchite

Yang'anani tsiku ndi malo pachidindo, muyerekeze ndi masiku ndatchulawa. Ambiri anadindidwa kumtunda, osati m'sitimamo, ndipo otere sadula kwenikweni. Ngati sitampa yake ndi ya masenti 4 yoonetsa agalu okoka ngolo pa ayezi pamodzi ndi sitimayo, imeneyo inatuluka pa 6 April 1959 ku Cresson, m'chigawo cha Pennsylvania ku America. Musaike selotepi, musaimate pulasitiki, musasiye padzuwa kapena pachinyontho. Jambulani kutsogolo ndi kumbuyo komwe, munditumizire, ndione chidindocho.