Alamu, musanalipire yambani mwawanyamula makinawo

Alamu, uthenga wanu ndauona. Mukuti food processor, makina amagetsi odulira ndi kupera zakudya, ija munalandira pa kitchen party yasiya kuzungulira, ndiye mukufuna ndikuuzeni mmene ife oyenda m'maboda timasankhira katundu wotere kuti ulendo uno mupeze yokhalitsa. Mwafunsanso ngati ntchito yathuyi mungailowe. Zimenezo tidzakamba tsiku limene mudzakhale ndi ndalama yoti ikatayika mugone tulo.

Kaye, wakuuzani ndani kuti yafa? Masulani pulagi muone fyuzi. Muonenso kadzino kapulasitiki ka pa chivundikiro, chifukwa makinawa anawapanga dala kuti asayake ngati chivundikiro sichinagwire, ndiye kadzinoko kakangothyoka mota imangoti zii. Ena ali ndi kabatani pansi kamene kamadula moto mota ikatentha kwambiri. Koma ngati munamva fungo la nthambo zopsa ndi kautsi kakutuluka, basi, imeneyo iwalani.

Ndikudziwanso chimene chinaipha ngakhale simunanene. Nshawa. Azungu amene anapanga makinawa ankaganiza za kabichi, karoti ndi anyezi, pomwe ife kuno ku Chipata timafuna nsinjiro za nkhwani, nshawa za chikanda, mwinanso chiponde cha ana. Nshawa za Chalimbana zikayamba kutulutsa mafuta zimagwira mpeni n'kuuma gwa, ndipo mota yaing'ono siipirira. Ena amafika pothira chimanga chouma. Chimenecho pitani nacho kuchigayo, alamu, musandiyambe.

Ine m'shopu sindiwerenga katoni. Manambala aja a 1000W kapena 1500W aliyense amene ali ndi inki akhoza kulemba, ndipo ngakhale atakhala oona amangonena moto umene makina akudya, sanena mphamvu imene ikufika pa mpeni. Ndimachotsa mbale, ndimanyamula tsinde lokha, mmene muli mota, ndi dzanja limodzi. Likakhala lopepuka ndimabweza pa shelefu osafunsa mtengo. Mota ya nthambo za kopa imalemera. Yabwino kwenikweni ndi ija amati induction, yolemera zedi, yolira motsitsa, koma mtengo wake udzakuthamangitsani. Zambiri zimene timabweretsa ndi za mota ya mabulashi, zaphokoso, zofuna kupumitsa pakangotha mphindi imodzi kapena ziwiri. Zimenezonso zimakhalitsa ngati mwini wake ali ndi makutu.

Kunyamulako kokha sikokwanira, ndipo apa ndiye pali chilonda changa.

Chinali chaka cha 2015, chija kwacha inagwa, dola n'kuchoka pa K6 mpaka kupitirira K12. Aliyense amene anali ndi kandalama ankathamangira kukasandutsa katundu. Azimayi a chilimba, aziphunzitsi ndi manesi a ku Katete ndi ku Chadiza, anandipatsa ndalama zawo kuti ndikawatengere makina. Ine ndinaonjezerapo za kaloba kuti ndikatenge ambiri, mtengo utsike. Ndinapita ku holoselo ina kunja kwa dziko, kwa mwamuna amene ndinali nditagulako kale mapoto ndi maketulo popanda vuto. Anatulutsa makina oonetsera. Ndinawanyamula, olemera bwino. Ndinamasula nshawa zimene ndimayenda nazo pa mfundo ya chitenje, tinathira, zinagayika mpaka mafuta, mota osatentha n'komwe. Ndinalipira, anandilembera lisiti. Katundu anati ali ku nyumba yosungiramo, anyamata amanga usiku kuti m'mawa ndimupeze pa basi. Ndinamupezadi, makatoni atakulungidwa pulasitiki yakuda ndi tepi mpaka osaona ngodya, monga timachitira tonse poopa mvula ndi akuba.

Pa boda ndiye panali ofisala wina, mwana wamng'ono woti ndikanamubereka kumsana. Lisiti langa analigwira ndi zala ziwiri, osaliwerenga. Anang'amba katoni imodzi pakona, anaona dzina lofanana ndi la kampani ina yaikulu ya ku Ulaya, nkuti kompyuta yake ikunena mtengo wina. Mtengo wakewo unali woti ngakhale mu shopu ya magalasi ku Lusaka sungaupeze. Dyuti anawerengera pamenepo, VAT ya 16 pa 100 n'kukwera pamwamba pa dyutiyo. Ndinati bwana, tiyeni titsegule muone kuti si katundu ameneyo. Anati mayi khalani uko, ndikuitanani. Anapita kukadya. Atabwerera anati netiweki yapita. Basi inanyamuka, katundu wanga anamukhomera m'nyumba yawo yosungiramo, kumene tsiku lililonse lili ndi mtengo wake. Ejenti amene anadzipereka kuti andithandize anatenga ndalama ya mapepala, madzulo foni yake inali yozima. Ndinkagona pa khonde la shopu ya munthu, thumba la ndalama ndalimanga m'chiuno, uku wa kaloba akundiimbira m'mawa uliwonse kundifunsa ngati ndadzuka bwino.

Anthu amenewa, alamu, amalandira malipiro awo mwezi ukatha kaya katundu wako watuluka kaya wawola. Sanayambe agulitsapo ngakhale sopo mmodzi. Pa wailesi mudzamva za Simplified Trade Regime ya COMESA, bungwe la zamalonda la maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuti wamalonda wamng'ono wa katundu wosapitirira madola 2,000 amadutsa mosavuta. N'zoona, koma ndi za katundu wolimidwa kapena wopangidwa m'maiko athu muno amene ali pa mndandanda wawo. Makina a ku China mulibemo. Pa Mwami, malire athu ndi Malawi, anatsegula boda ya malo amodzi mu Disembala 2022, a Hichilema ndi a Chakwera analipo, ndipo kuima kawiri kuja kunatha, chimenecho ndiyamikira. Koma msonkho sunathe, ndipo amene akuuzani kuti ali ndi njira ya kutchire ya njinga, mumufunse kuti katundu akagwidwa adzalira ndani.

Ndinalipira zonse, katundu anatuluka. Nditafika kunyumba ndinadula tepi, ndinanyamula tsinde loyamba, mtima unangoti phwii. Lopepuka. Katoni yomweyo, mtundu womwewo, chithunzi chomwecho cha mayi akumwetulira ndi madzi a zipatso, 1500W yomweyo. Chikomekome cha mkuyu. Ndinathamanga nawo kwa mnyamata wokonza mawailesi ku Kapata. Anamasula pansi, anatulutsa kamota kokwana m'chikhatho, anapala nthambo imodzi ndi nsonga ya mpeni. Pamwamba yofiirira ngati kopa, mkati yoyera mbee. Aluminiyamu yopaka utoto. Tinathira nshawa theka la kapu, tisanamalize n'kukambirana kautsi kanayamba kutuluka m'mabowo a pansi. Foni ya mwamuna wa holoselo uja inkangoitana.

Ndikanatha kuwapatsa azimayi aja mwakachetechete, n'kudzanena kuti mwapsereza nokha ndi malaiti. Ambiri amatero. Ine ndinagulitsa puloti yanga ndi firiji yaikulu, ndinabweza ndalama ya munthu aliyense mpaka ngwee yomaliza, wa kaloba n'kumumaliza chaka chotsatira. Pitani ku Katete lero mukafunse ngati alipo amene ndinamudyera. Ana a azimayi omwe aja ndi amene akundituma katundu wa maukwati awo panopa. Ndipo palibe mwenye, Mswahili kapena Mchaina amene amamanga katoni yanga ine kulibe. Ndimakhala pompo, ndimatsegula iliyonse, akwiye asakwiye.

Mumafunsa chiyani paja? Eya, yogula.

Makina amene mwayesa akhale omwewo amene mukunyamula kupita nawo kunyumba. Akakuuzani kuti dikirani tikutengereni atsopano kuseri, amenewonso ayatsidwe mukuona. Gwirani kachitsulo kamene kamazungulitsa mpeni. Ngati mano ake ndi pulasitiki yofewa yoti chikhadabo chikulowa, miyezi ingapo adzasalala. Funsani ngati mbale, chivundikiro ndi mpeni zimapezeka pazokha, chifukwa chimene chimayamba kutha ndi mbale, mwana akangoigwetsa pa simenti. Kenwood, Philips kapena Russell Hobbs ubwino wake ndi umenewo, zipangizo zake ungazifunefune ku Lusaka, koma werengani dzinalo chilembo ndi chilembo. Mawu akuti Made in China asakuopseni, makampani aakulu omwewo ambiri amapangitsa komweko.

Tembenuzani muwerenge kapepala ka pansi. Kuno moto wathu ndi 230V. Za salaula zochokera ku America ndi za 120V, za ku Japan 100V, mukangolumikiza ndi maliro. Za ku Johannesburg moto ndi umodzi ndi wathu koma zimabwera ndi pulagi ya mano atatu obulungira, ndiye mudule muike yathu ya mano a makona yokhala ndi fyuzi, osati tima adaputala togwedera tija. Ndipo malaiti akapita zulani pakhoma. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, malaiti ankabwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo, ndipo katundu wambiri amene ankandibweretsera kuti wapsa anapsa pobwera moto, osati pogwira ntchito. Ngati muli pa sola ya ka invetala kakang'ono musayese n'komwe, mota imakoka moto wambiri poyamba kuzungulira.

Komanso ngati ntchito yanu ndi tomato ndi madzi a mango basi, gulani blenda, musataye ndalama. Nshawa muzikazinga kaye, muzithira pang'onopang'ono, muzipumitsa.

Kumapeto kwa mwezi ndikunyamuka, ndidzera ku Nakonde. Loweruka mubwere ndi makina akalewo mnyamata wa ku Kapata awaone, mwina ndi fyuzi chabe. Ngati apsadi ndidzakutengerani, koma muwauze alongo angawo kuti ulendo uno ndi kashi, ya ketulo ija sanamalize.