Peugeot 504 ya bambo anga ikafika ku Karonga?

Funso: Amisiri, bambo anga adandisiyira Peugeot 504 ya petulo, ya 1978. Ndikufuna kupita nayo ku Karonga kuchokera ku Blantyre mwezi wa Okutobala, kudzera msewu wa M1. Vuto lake, ndikamakwera mtunda muvi wa kutentha umafika pafupi ndi pofiira, koma pamtsetse umabwerera. Mnzanga akuti ndichotse thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi oziziritsa injini. Nditero?

Yankho: Musachotse, achimwene. Mnzanuyo adzakhala ali kunyumba kwake inu mukuthira madzi m'injini pa Chikangawa.

Ikamatentha pamtunda n'kumazizira pamtsetse, kawirikawiri ndi redieta yotsekeka mkati. Ma 504 ambiri amene amafika pagalaja panga akhala akumwa madzi apamjigo zaka ndi zaka, opanda coolant (mankhwala oteteza dzimbiri othira m'madzi a injini) olo dontho. Dzimbiri ndi mchere wa m'madzimo zimatseka timachubu, ndiye redieta imaoneka yabwinobwino kunjaku pamene theka lake lidasiya ntchito kalekale.

Muiyeze ndi dzanja. Yendani mpaka injini itenthe bwino, zimitsani, kiyi muike m'thumba. Kenako yendetsani chikhatho pa redieta pang'onopang'ono, kuchokera mbali ino kufika mbali inayo. Yambani kumwamba, mubwere pakati, mumalize kumunsi. Ikhale yotentha paliponse, kumwamba kwambiri, kumunsi pang'ono. Mukapeza mzere wozizira wotsika kuchokera pamwamba, machubu amenewo madzi sakudutsamo. Pamene pamakonda kubisala vutoli ndi pakati penipeni, kuseri kwa fani, pomwe anthu amachita ulesi kupisapo dzanja. Ine ndimabwereza kawiri, chifukwa chitsulo chikakhala kanthawi kutentha kumafalikira ndipo chikhatho chimanamizidwa, choncho musadikire mphindi khumi mutazimitsa. Mukaupeza mzerewo, musataye ndalama pa mankhwala otsukira a m'botolo aja. Redieta ya galimoto imeneyi ndi ya mkuwa. Ipite kwa owotcherera maredieta, asungunule mtovu, achotse thanki yapamwamba, atokose chubu chilichonse ndi kachitsulo kopyapyala. Muimirire pomwepo muone matope ofiira amene atulukemo. Ena amangoipopera madzi n'kuipaka penti yakuda, basi akulipiritsani.

Ngati yanu ili ndi fani ija yogwira ndi maginito, onani kuti ikugwiradi injini ikatentha. Kamakala kopereka magetsi ku maginitoko kamatha, switch ya pa redieta nayo imafa. Chivindikiro cha redieta mugule chenicheni. Zapamsika zija sipuling'i yake ndimaifinya ndi chala chimodzi, ndipo madzi amawira msanga chifukwa sizisunga mphamvu.

Ulendowu ndi wa makilomita pafupifupi 900, ndiye m'buti mukhale lamba wa fani, mapaipi awiri a redieta, ma points ndi condenser (tizipangizo tamagetsi tothandiza mapulagi kutulutsa moto). Mpata wa ma points ndi 0.4 mm. Condenser yotchipa idzakuzimirani ikangotentha, bola kutenga yakale imene mukudziwa kuti imagwira. Paipi ya petulo ngati ndi yomwe adasiya bambo, isintheni. Petulo wa kuno adayamba kusakanizidwa ndi ethanol mu 1982, ndipo labala yakale imauma n'kung'aluka, pafupi ndi injini yotentha.

Inu mukuopa kukwera, ine ndikuopa Chiweta. Mukadutsa Mzuzu ndi Ekwendeni, msewu umakatsetserekera kunyanja mokhotakhota. Mafuta a mabuleki okhalitsa amayamwa chinyezi, akatentha amawira, phazi limangolowa mpaka pansi. Akhetseni onse muike atsopano, ndipo potsika mukhale mu giya 2, osati kuponda buleki njira yonse. Pobwerera phiri lomwelo mudzalikwera kuchokera kotentha kwa kunyanja.

Mukakonza zonsezi, musanyamuke kaye. Tsikirani ku Chikwawa, mutembenukire pa Thabwa, mukwere chitunda chobwerera ku Blantyre masana dzuwa lili paliwombo, anthu anayi m'galimoto ndi katundu m'buti. Muvi ukapyola pakati n'kumapitirira kukwera, bwerani nayo tione gasiketi ya hedi, chomatira chokhala pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake.