Kodi mayi wapabanja angavine gule wa m'chiuno pagulu? Yankho kwa mayi wa ku Kapata

Asisi, imelo yanu ndaiwerenga kawiri. Mwati munationa tikuvina pa kitchen party ina kuno ku Chipata mwezi watha, ndipo kuyambira tsiku lomwelo mtima wanu uli pa gulu lathu. Koma muli ndi ana awiri, wamng'onoyo ali ndi miyezi 8 ndipo adakali pabere, bambo akunyumba simunawauze, komanso apongozi anu ndi a Chigwirizano kutchalitchi. Mukufunsa ngati mayi angavine gule wathuyu, amene pa Chingerezi amati belly dance, nyumba yake osagwedezeka.

Angavine. Ine ndili ndi ana atatu ndipo chino ndi chaka chachisanu ndikuvina. Koma ndiyambe ndi kanthu kamene mwakaika kumapeto kwenikweni kwa kalata yanu, kakuti mwina muyambe mobisa, muzinena kuti mwapita ku Saturday Market. Kameneko ayi, chonde. Wakabaza amene wakunyamulani lero, mawa anyamula alamu anu. Pa phwando lililonse mafoni amakhala m'mwamba, ndipo kanema amafika pa WhatsApp ya amuna anu inu musanamasule lamba. Tsiku limenelo mlandu sukhalanso wa kuvina, umakhala wa bodza, ndipo umenewo ngakhale ankhoswe amavutika nawo.

Mantha a amuna athu ndi apongozi athu ine ndimawamvetsa. Kwathu kuno chiuno chili ndi malo ake awiri. Chimtali ndi chitelele timavina poyera. Pitani ku Mkaika pa Kulamba mu August mukaone amayi akuvina pamaso pa Kalonga Gawa Undi, palibe amene amatsinzina. Koma kulinso kudula chiuno kumene anamkungwi amaphunzitsa namwali chitseko chili chotseka, ndipo kumeneko n'kwa m'nyumba. Mwamuna akangomva kuti mkazi wake akuvina belly dance, maganizo ake amathamangira kwachiwiriko, amaona ngati zakuchipinda zatulutsidwa pabwalo. Ntchito yanu yoyamba ndi kuwaonetsa kuti sizili choncho. Ndipo inu nomwe mutsimikize kuti sizikhala choncho, chifukwa zakuchinamwali ife sitikwera nazo pasiteji ngakhale oitana atachonderera.

Zimathandiza kudziwa kumene guleyu adachokera. Eni ake ndi Aarabu, makamaka a ku Egypt, ndipo amamutcha raqs sharqi, kutanthauza gule wa kum'mawa. Dzina lakuti belly dance, lonena za mimba, adamupatsa ndi Azungu, ndipo lidafala ku America pambuyo pa chionetsero chachikulu cha ku Chicago mu 1893. Muzu wake ndi baladi, gule amene amayi amavina paukwati kapena kunyumba atavala diresi lalitali, kansalu katamangidwa m'chiuno monga momwe ife timangira chitenje. Wapasiteji amene mumamuona pa YouTube adakula mu Cairo, pamalo achisangalalo amene Badia Masabni adatsegula mu 1926, pomwe padatulukira akatswiri ngati Samia Gamal ndi Tahia Carioca. Ngakhale kumeneko ulemu wa wovina ndi nkhani yovuta. Mu 1834 wolamulira Muhammad Ali adaletsa akazi ovina poyera mu Cairo, ndipo mpaka lero mabanja ambiri amakondwa kuitana wovina paukwati koma safuna mwana wawo akhale wovinayo. Mahmoud Reda ndi Farida Fahmy atayambitsa gulu lawo mu 1959, adaonetsa kuti magule a kwawo angathe kuvinidwa pasiteji banja lonse likuonera. Ife tidatsata njira yotereyo.

Tilipo amayi 8, asanu ndife apabanja. Timavala madiresi ofika m'mapazi amene telala wa kumsika wa Kapata amatisokera, pamwamba pake lamba wa tindalama tolira. Timavina pa kitchen party, paukwati ndi pazochitika za amayi. M'mabala sitilowa. Wofuna kufupa amaika ndalama m'lichero limene timaika kutsogolo, thupi la wovina salikhudza. Lamulo la licheroli lidabwera ndi misozi. Chaka chathu choyamba tidavomera kuvina paloji ina usiku osafunsa kuti kudzakhala ndani. Bambo wina woledzera adakwera n'kuyamba kulowetsa ndalama m'lamba wa mnzathu, anthu akukuwa mosangalala. Mnzathuyo adalira njira yonse, ndipo amuna ake atamva, mayiyo sadabwerenso kugulu. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa amene ndidalandira foni yotiitana ndinali ine.

Kwathu ndidayamba ndi apongozi aakazi, osati amuna anga. Ndidawapempha kuti andiperekeze kokonzekera akandigwirire mwana. Adakhala pamphasa maola awiri osayankhula, akuyang'ana zovala, akuyang'ana amene akulowa ndi kutuluka. Madzulo ake ndi iwo amene adauza mwana wawo kuti zimene aona ndi amayi okhaokha akutuluka thukuta, palibe chochititsa manyazi. Sindikulonjezani kuti kwanu zidzayenda chimodzimodzi. Akakana, musalimbane tsiku lomwelo. Apempheni abwere adzaone kamodzi, kenako mukambiranenso. Alipo anzathu amene amangobwera kokonzekera koma pagulu savina, chifukwa ndi pomwe adagwirizana ndi akunyumba. Amenewo ndi athu ndithu.

Za nthawi si zovuta monga mukuganizira. Timakumana Loweruka kuyambira 2 koloko mpaka 4 koloko masana, ana amabwera nawo n'kumasewera pambali. Mvula ikagwa ena amapita kumunda, ndiye dzinja timachepa. Maphwando amachuluka chilimwe. Kunyumba mphindi 10 zimakwana, madzi a nsima akutentha. Ndalama musayembekezere zambiri. Zimene timapeza zimathera pa nsalu ndi mayendedwe, zotsala timaponya m'chilimba chathu.

Thupi lanu ndi limene ndikufuna mulisamale. Ngati mudachira ndi opareshoni, kapena msana ndi m'munsi mwa mimba mukumvabe kuwawa, funsani anamwino tsiku la sikelo musanayambe. Muyamwitse kaye musanavine, ndipo mumwe madzi ambiri. Chimene chidzakudabwitsani n'chakuti kunjenjemera kwa chiuno kuja sikuchokera m'chiuno. Kumachokera m'maondo, opinda pang'ono, akusinthana msangamsanga, mapewa ali phee. Ife okulira pa chimtali timafuna kuika mphamvu, pomwe guleyu amafuna kuti chiuno, chifuwa ndi manja chilichonse chiyende pachokha, motsatira kang'oma kawo kotchedwa darbuka. Mwezi woyamba mudzaona ngati thupi si lanu. Mwezi wachitatu mudzamva tindalama ta pa lamba tikulira limodzi ndi ng'oma, ndipo ine tsiku limene ndidamva zimenezo ndidakumbukira kuti ndisanakhale mayi wa ana ndinali mtsikana wokonda kuvina.

Mimba ya uchembere musachite nayo manyazi, ambiri mwa ife tili nayo, ndipo guleyu amaoneka bwino pa thupi la mayi. Uzani bambo akunyumba sabata ino. Loweruka mubwere ndi chitenje chapadera chomanga m'chiuno, botolo la madzi, mwana kumbuyo, ndipo ngati apongozi avomera, mphasa yawo tidzayala pamthunzi pafupi ndi khomo.