Mafunso Anu: Pet Shop Boys, anthu awiri ndi makina awo

Mwezi uno makalata angapo afunsa za Pet Shop Boys, oimba awiri a ku Britain, Neil Tennant ndi Chris Lowe. Mafunso ofanana tawaphatikiza, ataliatali tawafupikitsa.

Akonzi, anthu awiriwa anayamba bwanji, nanga dzina lachilendoli analitenga kuti?

Anakumana pa 19 Ogasiti 1981 m'sitolo yogulitsa zipangizo zamagetsi pamsewu wa King's Road ku Chelsea, mumzinda wa London. Tennant, yemwe anabadwa mu 1954 n'kukulira ku Newcastle, anali munthu wa zolembalemba. Anagwirapo ntchito ku Marvel UK, kampani ya mabuku a nthano za zithunzi, ndipo mu 1982 analowa ku magazini ya zoimba ya Smash Hits. Lowe anabadwa mu 1959 ku Blackpool, ndipo ankaphunzira zojambula mapulani a nyumba ku yunivesite ya Liverpool. Poyamba awiriwa ankadzitcha West End. Dzina la Pet Shop Boys anatengera kwa anzawo ena omwe ankagwira ntchito m'sitolo yogulitsa tinyama toweta m'nyumba ku Ealing.

Chomwe ambiri sadziwa n'chakuti zaka zoyambirirazo anazithera m'kasitudiyo kakang'ono ku Camden, kupeka nyimbo popanda wowamvera. "It's a Sin" inapekedwa mu 1982 koma inatuluka mu 1987. "Jealousy", imodzi mwa zoyambirira zenizeni, inadikira mpaka 1990. Pamene kutchuka kunkafika, nkhokwe inali yodzaza kale, ndipo n'chifukwa chake anatha kutulutsa zimbale zitatu zikuluzikulu m'zaka zitatu zotsatizana.

Mnzanga akuti "West End Girls" inatuluka kawiri, ndipo koyamba inakanika. Ndi zoona? Ngati nyimbo ndi yomweyo, chinasintha n'chiyani?

Mnzanuyo sananame. Kupeka nyimbo n'kwina, kuijambula n'kwinanso, ndipo nkhani ya nyimbo imeneyi imaonetsa zimenezi poyera.

Mu 1983 Smash Hits inatumiza Tennant ku New York kukacheza ndi gulu la The Police. Iye anapezerapo mpata wokumana ndi Bobby Orlando, wojambula nyimbo za dansi yemwe awiriwa ankasirira ntchito zake. Orlando anavomera kuwajambula, ndipo "West End Girls" yoyamba inatuluka mu Epulo 1984. Inavinidwa m'malo a dansi ku Los Angeles ndi San Francisco, inagulidwako ku Belgium ndi France, koma kwawo ku Britain sinapite patali.

M'kuona kwathu, vuto linali kolowera. Orlando ankajambula mwachangu, ndi ndalama zochepa, maso ake ali pa ovina. Ng'oma zinali zouma, zipangizo zochepa, tiphokoso todulidwadulidwa tili mbwee. M'holo ya dansi zimenezi zimagwira. Pa wailesi, nyimbo yomwe mphamvu yake ili m'mawu olankhulidwa motsitsa imafuna malo opumira, ndipo malowo panalibe.

Kuti achoke m'manja mwa Orlando panatenga zokambirana zazitali. Anamasuka mu Malichi 1985, koma anavomera kuti iye azilandira gawo la ndalama za malonda awo a m'tsogolo. Umu ndi momwe kontilakiti yosainidwa munthu asanatchuke imapwetekera: mtengo woithetsera umawerengedwa pa ndalama zomwe sunazipeze n'komwe. Atatero, ali ndi Tom Watkins ngati manejala, analowa ku kampani ya Parlophone, yomwe inali pansi pa EMI. Nyimbo yawo yoyamba kumeneko, "Opportunities", inathera pa nambala 116 pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain.

Apa m'pamene anabwerera ku "West End Girls", ulendo uno ndi wojambula wina, Stephen Hague. Hague anachepetsa liwiro, mawu ena anachotsedwa, koyambirira kunaikidwa phokoso la mumsewu kuti womvera alowe kaye mumzinda besi isanayambe. Anawonjezera mawu a mayi woimba, Helena Springs, komanso lipenga lomwe kwenikweni silinali lipenga, linaimbidwa pa makina otchedwa Emulator. Inatuluka mu Okutobala 1985, inafika pa nambala 1 ku Britain mu Januwale 1986, ku America mu Meyi chaka chomwecho, ndipo mu 1987 inalandira mphoto ya Brit ya nyimbo yopambana.

Pakanema ndimangoona mmodzi akuimba, winayo ataima duu kuseri kwa kiyibodi. Kodi ng'oma, besi ndi zina zonsezo amaimba ndani?

Kuima duu kwa Lowe n'kwadala, ndi mbali ya maonekedwe awo, musamuyese mlendo pa ntchitoyo. Kawirikawiri iye ndi amene amayala maziko, ndiye kuti makodi, besi ndi kagundidwe ka ng'oma. Tennant amabweretsa mawu ndi kaimbidwe kake, ngakhale nayenso amadziwa gitala ndi kiyibodi. Akamaliza chojambula choyeserera, amapita nacho kwa wojambula wamkulu kuti akachimange bwino.

Makina ake ali m'magulu anayi. Drum machine imagunda ng'oma motsatira ndondomeko yomwe mwaiuza. Synthesizer imapanga mamvekedwe kuchokera ku magetsi, monga besi kapena zinthu zomveka ngati mavayolini. Sampler imajambula kaphokoso kenikeni, kaya lipenga, kwaya kapena bingu, n'kukagawa pa makiyi onse. Emulator ndi Fairlight ndiwo anali otchuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo ankasunga masekondi owerengeka chabe. Sequencer ndiye kapitawo. Siimveka yokha, imangosunga kuti kiyi iti idindidwe liti, mwamphamvu bwanji, kwa nthawi yaitali bwanji, n'kulamula makina enawo. Kuyambira 1983 makinawa amalankhulana kudzera mu MIDI, dongosolo lolumikizira zipangizo zoimbira, yomwe imanyamula njira 16 pa chingwe chimodzi.

Zovuta zake zimadziwika. Mukalola makina kuwongola kiyi iliyonse kuti igwere pa nthawi yeniyeni, nyimbo imauma, imasowa kakuchedwa ndi kakufulumira komwe dzanja la munthu limabweretsa. Besi ndi ng'oma yaikulu zimalimbirana malo amodzi a mawu otsika, ndipo mukapanda kuchepetsa chimodzi pamene chinzake chikugunda, zonse zimamveka mbuu. Chachitatu chimakhudza Tennant mwini: mawu ake ndi opyapyala, sakuwa, choncho mukaunjika zipangizo zambiri pakati amamira.

Njira yawo yothana nazo yakhala kuitana anthu enieni pamene makina afika polekezera. "Left to My Own Devices" ya 1988, yomwe anajambula ndi Trevor Horn, ili ndi okesitira yathunthu. Johnny Marr, yemwe anali wa gulu la The Smiths, anaimba gitala pa chimbale cha Behaviour cha 1990 ndi cha Release cha 2002. Behaviour yomweyo anakaijambulira ku Munich ndi Harold Faltermeyer, n'kubwerera dala ku ma synthesizer akale chifukwa mamvekedwe ake ndi ofunda. Kwa ife chimbale chimenechi ndiye chabwino koposa zonse, ngakhale "Being Boring", nyimbo yomwe okonda gululi amailemekeza kwambiri lero, inangofika pa nambala 20.

"Always on My Mind" ndi "Go West" si zawo. Ndiye ndalama zake amadya ndani?

Ku Britain nyimbo iliyonse yojambulidwa imakhala ndi umwini wapawiri. Woyamba ndi wa opeka, omwe analemba mawu ndi kaimbidwe. Bungwe la PRS limawatolerera ndalama nyimbo ikaulutsidwa kapena kuimbidwa pagulu, la MCPS limatolera pa makope opangidwa, ndipo umwiniwu umatha zaka 70 wopeka atamwalira. Wachiwiri ndi wa chojambulacho. Uwu kawirikawiri umakhala wa kampani yomwe inalipira situdiyo, oimba amalandirapo gawo lawo malinga ndi kontilakiti, bungwe la PPL ndi lomwe limatolera za pa wailesi, ndipo umatha zaka 70 chojambulacho chitatuluka.

Choncho pa "Always on My Mind" ndalama za opeka zimapita kwa Wayne Carson, Johnny Christopher ndi Mark James kapena olowa m'malo awo, pomwe Tennant ndi Lowe amapindula ndi chojambula chawo chokha. Anayamba kuiimba pa pulogalamu ya kanema yokumbukira kuti patha zaka 10 Elvis Presley, yemwe anaiimbaponso, atamwalira, ndipo inakhala nambala 1 pa Khirisimasi ya 1987. "Go West" inali ya gulu la Village People, ya 1979. Yawo inafika pa nambala 2 mu 1993. Nyimbo zitatu zina zomwe zinawafikitsa pa nambala 1 ku Britain, "West End Girls", "It's a Sin" ndi "Heart", anapeka okha, ndiye amadya mbali zonse ziwiri.

Chimbale cha Introspective chili ndi nyimbo 6 zokha. Anali ndi ulesi?

Ayi. Nyimbo iliyonse mmenemo imapitirira mphindi 6. Mwambo wa nthawiyo unali kujambula nyimbo ya mphindi zitatu kapena zinayi ya pa mbale yaing'ono ya mainchesi 7, kenako n'kuitalikitsa kuti ikhale pa mbale ya mainchesi 12 ya ma DJ. Mbale yaikuluyo imalola mizere yotakasuka, besi imamveka mwamphamvu, ndipo koyambirira ndi kumapeto kumatsala ng'oma zokha kuti DJ alumikize ndi nyimbo ina. Mu 1988 iwo anatembenuza ndondomekoyo: zazitali anaika pa chimbale, zazifupi za pa wailesi anadula pambuyo.

Bwanji anachedwa kuyamba kuyenda m'maiko kukaimba pamaso pa anthu?

Ndalama, komanso funso lakuti anthu akaonerera chiyani. Gulu la magitala limadzaza nsanja ndi thukuta lake lomwe. Anthu awiri, mmodzi ali kuseri kwa makina, sangadzaze holo ya anthu masauzande popanda china choonetsa. Iwo anasankha kuti zoimbaimba zawo zikhale ngati zisudzo, ndipo zisudzo zimadula: ovina, zovala zosinthasintha, magetsi, makanema, magalimoto onyamula nsanja. Ulendo womwe anakonza mu 1986 unalephereka chifukwa cha mtengo. Woyamba unachitika mu 1989 ku Hong Kong, Japan ndi Britain, motsogoleredwa ndi Derek Jarman, katswiri wa mafilimu. Wa 1991, wotchedwa Performance, anaupereka m'manja mwa David Alden ndi David Fielding, anthu a zisudzo za opera. Unatamandidwa koma unaluza ndalama.

Palinso vuto la makinawo. Sequencer ikayamba, nyimbo imatha pamene inakonzedwera kutha. Woimba akalowa mochedwa, makina samudikira, ndipo anthu akakondwa simungangobwereza kolasi monga lingachitire gulu wamba. N'chifukwa chake pa zoimbaimba zoterezi oimba ndi ovina amatsatira kagundidwe komveka m'makutu mwawo mokha, magetsi ndi makanema amamangiriridwa ku wotchi imodzimodziyo, ndipo pamakhala kompyuta yachiwiri yoyenda limodzi ndi yoyamba kuti ilowe m'malo ikazima. Zipangizo zitatsika mtengo n'kupepuka, maulendo anasanduka gawo lalikulu la ntchito yawo. Aimbapo ku Glastonbury mu 2000, 2010 ndi 2022, komanso pa mwambo wotsekera masewera a Olympics ku London mu 2012.

Ine ndinasiya kuwamva pa wailesi kalekale. Anapatukana ngati Wham!?

Sanapatukanepo. Chomwe chinatha ndi nyengo yomwe chilichonse chomwe akhudza chinkafika pamwamba. Pakati pa 1986 ndi 1988 anali ndi zimbale za Please, Actually ndi Introspective, nyimbo 4 za nambala 1 ku Britain, ndi 5 zolowa m'gulu la 10 zapamwamba ku America, kuphatikizapo yomwe anaimba ndi Dusty Springfield, yomwe inafika pa nambala 2 m'maiko onse awiri n'kudzutsanso dzina la mayiyo. "Domino Dancing" itathera pa nambala 7 ku Britain ndi 18 ku America mu 1988, mawailesi akuluakulu a ku America anayamba kuwataya, ndipo kumeneko anatsalira m'malo a dansi. Kwawo anapitirirabe: Very ya 1993 ndiyo chimbale chawo chokhacho chomwe chinafika pa nambala 1.

Kuyerekeza ndi Wham!, gulu lina la oimba awiri a ku Britain, n'kothandiza. Kumeneko George Michael ndi amene ankapeka pafupifupi nyimbo zonse, ndipo atafuna kuima payekha gululo linatsanzika pa bwalo la Wembley mu Juni 1986. Yazoo, ya Vince Clarke ndi Alison Moyet, inatha itangotulutsa zimbale ziwiri. Kwa Pet Shop Boys, nyimbo zimalembedwa maina onse awiri, Tennant ndi Lowe, choncho palibe wolemera kusiya mnzake kapena woganiza kuti akunyamula mnzake. Kupeka kumakhala m'manja mwa awiriwo, chomwe amasintha ndi wojambula: Hague, Horn, Faltermeyer, gulu la Xenomania pa chimbale cha Yes cha 2009, chaka chomwe analandira mphoto ya Brit yolemekeza ntchito yawo yonse. Amapumanso pochita zina, monga sewero la nyimbo la Closer to Heaven mu 2001, nyimbo za filimu yakale yopanda mawu ya Battleship Potemkin zomwe anaimba pa Trafalgar Square mu 2004, ndi gule wa ballet ku Sadler's Wells mu 2011. Sizonse zinayenda bwino. Filimu yawo ya 1988, It Couldn't Happen Here, olemba nkhani ambiri anainyoza.

Mu 2013, patatha zaka 28, anachoka ku Parlophone n'kutsegula kampani yawoyawo yotchedwa x2. Kumeneko anatulutsa zimbale zitatu ndi Stuart Price: Electric mu 2013, Super mu 2016 ndi Hotspot mu 2020. Kukhala ndi kampani yanu kumatanthauza kuti gawo lalikulu la malonda ndi lanu, koma ndalama za situdiyo, makanema ndi kutsatsa zimachokanso m'thumba mwanu. Mu Epulo 2024 anabwerera ku Parlophone ndi Nonetheless, chimbale chawo cha nambala 15, chojambulidwa ndi James Ford, ndipo chinafika pa nambala 2 ku Britain. Ngati mukufuna poyambira pa zomwe munaphonya, yambani ndi Electric.