Funsani Amalume: Kodi nzoona kuti ku England ndi ku Italy amaseka atsogoleri osamangidwa?

FUNSO

Zikomo Amalume. Ine ndine mayi wa ana anayi, ndimagulitsa nthochi ndi mapeyala pa msika wa Luchenza. Mwana wanga woyamba ali pa koleji ku Blantyre ndiye akabwera pa holide amangokhalira pa foni kutumiza tizithunzi toseka andale pa gulu la WhatsApp la kumudzi kwathu, tsiku lina bambo ake anamukalipira zedi kuti iwe amenewo ndi akuluakulu udzatimangitsa, iye nkuyankha kuti ku England ndi ku Italy anthu amaseka nduna mpaka pa TV ndipo palibe amagwidwa. Mpaka lero sakuyankhulana bwino m'nyumba muno. Kodi nzoona zimenezi kapena akungotinamiza poti ife sukulu sitinapite nayo patali?

Mayi wodandaula, Luchenza, Thyolo

YANKHO

Mayi, mwana wanuyo sananame koma nkhaniyo wakuuzani theka, ndipo mantha a bambo akewo sindingawanyoze ngakhale pang'ono.

Tiyambe ndi ku England poti kumeneko ndi kumene akunena zoona kwambiri. Kuyambira 1984 mpaka 1996 pa TV ya ITV panali pulogalamu ya zidole ya Spitting Image, ankapanga chidole cha nduna yayikulu Margaret Thatcher atavala suti ya chimuna akukalipira nduna zake ngati ana a sitandade 1, John Major yemwe anamulowa m'malo anamupanga wotuwa thupi lonse akungodya nsawawa kusonyeza kuti ndi munthu wosasangalatsa, ngakhale a banja lachifumu sanawasiye. Anthu mamiliyoni ankaonera Lamulungu madzulo. Chaposachedwa ndi cha mu Okutobala 2022, nyuzipepala ya Daily Star inagula letesi mu shopu nkumuika pa kamera usana ndi usiku pambali pa chithunzi cha nduna yayikulu ya nthawiyo Liz Truss, funso lake linali lakuti ayambe ndani, letesi kufota kapena mayiyu kutula pansi udindo. Truss analengeza zotula pa 20 Okutobala letesi akadali wobiriwira, pa mpando anangokhalapo masiku 49 basi. Palibe mtolankhani anagona mu selo. Kwa Angelezi mtsogoleri wokwiya ndi nthabwala amaoneka wofooka, ndiye ambiri amangoluma mano nkusekerera nawo.

Komatu sizinabwere zokha ayi. Mu 1737 nduna yayikulu Robert Walpole atatopa ndi masewero omunyogodola anakhazikitsa lamulo loti sewero lililonse liyambe laonedwa ndi ofesi ya Lord Chamberlain, ndipo lamulo la mtundu umenewo linadzatha mu 1968, zaka zoposa 200. Magazini ya Private Eye yomwe inayamba mu 1961 yakhala ikukokeredwa ku khoti kambirimbiri pa milandu yoipitsa mbiri ya anthu, ndipo yalipirapo ndalama zambiri.

Za ku Italy ndi zomwe ine zimandikhudza mtima chifukwa zikufanana ndi zathu. Mu mzinda wa Rome pafupi ndi Piazza Navona pali chiboliboli chakale chothyokathyoka chomwe amachitcha Pasquino, chinaimikidwa pamenepo mu 1501, ndiye anthu poopa kuyankhula poyera ankabwera usiku nkumatapo timapepala ta ndakatulo zonyoza apapa omwe nthawi imeneyo ndiwo ankalamulira mzindawo, m'mawa anthu nkumawerenga nkumati ndi Pasquino wanena. Mwala simungaumange, nchifukwa chake anasankha mwala. Nthawi ya wolamulira wankhanza Mussolini nthabwala ankachita kunong'onezana, ukamveka ankatha kukutumiza ku chilumba kapena mudzi wakutali. Ali ndi mawu awo otchuka akuti "Piove, governo ladro", kutanthauza kuti mvula ikugwa, boma lakuba ili, ngati kuti inu chiperoni chakupezani pa msika nthochi zikunyowa nkuloza chala ku Capital Hill. Pamenepo amaseka boma komanso amadziseka okha ndi khalidwe lawo lodandaula.

Ndipo mwanayo adziwe kuti ku Italy nthabwala zachotsetsapo anthu ntchito dzulodzuloli. Mu 1986 wanthabwala Beppe Grillo ananena pa TV ya boma ya RAI za ulendo wa nduna yayikulu Bettino Craxi wa chipani cha sosholizimu ku China, nkufunsa kuti ngati kumeneko aliyense ndi wa sosholizimu ndiye amabera ndani, chitseko cha RAI chinamutsekekera, patapita zaka mu 2009 anayambitsa chipani chake cha Movimento 5 Stelle. Silvio Berlusconi yemwe ankakonda kusimba nthabwala yekha pa misonkhano, mu 2002 ali nduna yayikulu, pa ulendo ku Sofia ku Bulgaria, anadzudzula wanthabwala Daniele Luttazzi ndi atolankhani awiri Enzo Biagi ndi Michele Santoro kuti akugwiritsa ntchito TV ya boma molakwika, ndipo onse atatu anasowa pa RAI. Lamulo lawo mpaka pano, gawo 278, limati wonyoza ulemu wa pulezidenti wa dziko atha kukhala kundende chaka chimodzi mpaka zisanu.

Tsopano za bambo. Munthu amene anakula nthawi ya Kamuzu amadziwa kuti mawu amodzi pa mowa ankatha kukufikitsa ku Mikuyu, mlakatuli Jack Mapanje anakhalako kuyambira 1987 mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Bala limenelo silipola ndi digiri ya mwana. Nzoona mu 2022 aphungu anachotsa milandu ya sedishoni (mawu outsa chidani pa boma) mu Penal Code, koma lamulo la za pa intaneti la 2016 lilipobe ndipo anthu agwidwapo chifukwa cha zomwe anatumiza pa WhatsApp ndi Facebook, ena pa gulu la anthu odziwana okhaokha ngati lanulo.

Ine sindikuona kuti kuseka wamkulu ndi chizungu. Amayi athu pa mtondo ankaimba nyimbo zodzudzula amuna aulesi ndi mafumu okondera osatchula dzina mudzi wonse nkumva, asuweni amanyogodolana, adzukulu pa maliro amanena zomwe wina aliyense sangayerekeze. Chomwe chimandipweteka ndi tizithunzi tina tomwe ndimaona masiku ano tonyoza mtundu wa munthu, matenda ake kapena mkazi wake, kuno ku Thyolo komwe ndale zimalowa mpaka m'mabanja zimenezo zimadanitsa anthu a mpingo umodzi. Letesi uja ankafunsa za ntchito ya Truss, Grillo ankafunsa za ndalama za anthu.

Ndiye Mayi akhazikeni pansi awiriwa mukamaliza chakudya cha madzulo, mwanayo atsegule foni aonetse bambo ake chimodzichimodzi zomwe amatumiza, zokhudza mtengo wa fetereza, mafuta kapena msewu azisiye, zotukwana ndi zabodza afufute pomwepo inu mukuona. Bambowo nawonso amufotokozere zomwe anaona ndi maso awo chisanafike chaka cha 1994, chifukwa ndikukayika ngati anamuuzapo.

Amalume