Kodi n'zoona kuti Canada anali chimphona pa nkhondo ya pamadzi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wathu wina amene akugwira ntchito ku Toronto. Akuti: "Kuntchito kuno kuli mkulu wina amene amakonda kunena kuti pomwe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inkatha, gulu lankhondo lapamadzi la Canada linali lachitatu pa kukula dziko lonse lapansi. Ine ndimangoseka chamumtima. Anthu ofatsa awa, ongoti pepani paliponse? Si kudzitama chabe kumeneku?"

Achimwene, musawaseke akuluwo. Mwina akuthira mchere pang'ono, koma bodza ayi.

Canada analowa nkhondoyo pa 10 Seputembala 1939, patatha sabata Britain atalowa. Nthawiyo zombo zake zankhondo zodalirika zinali 6 zokha, za mtundu wa destroyer (zombo zankhondo zaliwiro zokhala ndi mizinga), ndipo asilikali apamadzi anali pafupifupi 3,500. Pofika 1945 anali atakwana pafupifupi 95,000, zombo zoposa 400. Zonsezi m'dziko la anthu 11 miliyoni, ochepa kuposa amene tili m'Malawi lero.

Za "lachitatu" zo, olemba mbiri amakanganapo. Ena amati lachinayi, ena lachisanu, malingana ndi tsiku limene ukuwerengera komanso ngati timabwato tating'ono tikulowa m'chiwerengero. Ndipo tisaiwale kuti pa nthawiyo zombo za Germany, Italy ndi Japan zinali zitamira kapena kulandidwa. Kwa ine nambala imeneyi siyopweteketsa nayo mutu. Chimene chimandigwira mtima ndi ntchito imene zombozo zinkagwira.

Ntchito yake inali yoperekeza. Britain ndi chilumba, ndipo tirigu, mafuta, zitsulo ndi zida zinkadzera panyanja ya Atlantic, m'mene sitima za pansi pa madzi za Germany, zotchedwa U-boat, zinkabisalira. Choncho zombo za katundu zinkasonkhana pa doko la Halifax, kum'mawa kwa Canada, n'kunyamuka pagulu, zankhondo zili m'mbali ngati abusa. Gulu loyamba linanyamuka pa 16 Seputembala 1939. Pakutha pa nkhondo, asilikali a Canada anali ataperekeza maulendo a zombo za katundu oposa 25,000.

Chombo chimene chinasenza mtolowu chinali kakang'ono, kotchedwa corvette, kopangidwa potengera zombo zosakira anamgumi. Utali wake unali mamita 62. Ilala yathu ija ndi ya mamita 52, ndiye amene munakwerapo nthawi ya mwera, mutu ukuzungulira, mseru uli pakhosi, yerekezani zimenezo kwa masabata awiri pakati pa Newfoundland, mbali ya Canada, ndi Londonderry, ku Northern Ireland, m'nyengo yachisanu. Madzi ankalowa mpaka mogona. Buledi ankachita nkhungu pakangopita masiku ochepa. Mafunde akamenya chombo, madzi ankaundana pamwamba pake, ndipo anyamata ankatuluka ndi nkhwangwa kukaswa madzi oundanawo kuopa kuti kulemera kwake kungachigubuduze. Amalinyero ankanena mwanthabwala kuti corvette ingapendame ngakhale pa udzu wa mame. Ambiri mwa anyamatawa anali ochokera m'minda ya tirigu ya ku Saskatchewan ndi Manitoba, oti nyanja ya mchere anali asanaionepo. Zombozo zinkapatsidwa mayina a matauni akwawo, monga Moose Jaw ndi Chilliwack, ndipo amayi a m'matauniwo ankaluka majuzi n'kumatumiza ku chombo "chawo".

Koma mnzanuyo akamasimba asamadumphe zowawa. Gulu lankhondo lapamadzili linakula mothamanga kwambiri, moti akapitawo ena anali ongophunzira dzulodzulo, ndipo zida zawo zofufuzira adani zinali zachikale poyerekeza ndi za Britain. Mu Seputembala 1941 gulu la zombo za katundu lotchedwa SC 42, loperekezedwa ndi asilikali a Canada, linataya zombo 16. Mu Disembala 1942 gulu lina, ONS 154, linataya 14. Kumayambiriro kwa 1943 akuluakulu a ku London anachotsa kaye magulu a Canada pakati pa Atlantic kuti akaphunzitsidwenso. Zinali zochititsa manyazi, koma anabwerako atasongoka, ndipo mu Epulo chaka chomwecho Leonard Murray anapatsidwa ulamuliro wa chigawo chonse cha kumpoto chakumadzulo kwa nyanjayo. Ndiye yekha wa ku Canada amene analamulirapo chigawo chathunthu cha nkhondo imeneyo.

Nkhondo inafikanso pakhomo penipeni. Ma U-boat analowa mpaka mumtsinje wa St. Lawrence, ndipo pa 14 Okutobala 1942 anamiza chombo chonyamula anthu cha Caribou, n'kupha anthu oposa 130, kuphatikizapo amayi ndi ana. Asilikali apamadzi amene Canada anataya pankhondo yonse anali pafupifupi 2,000, kuwonjezera pa amalinyero a zombo za katundu oposa 1,600.

Nanga bwanji sitimva zambiri? Woperekeza satchuka. Katundu akafika bwino, palibe nkhani ya mu nyuzipepala. Chinanso, nthawi zambiri ankamenya pansi pa ulamuliro wa Britain kapena America, ndiye ulemu unkapita kwa eni dzina. Ife zimenezi tikuzidziwa bwino: azigogo athu a KAR (King's African Rifles) anakamenya ku Burma, koma mabuku ambiri amangoti "asilikali a Britain".

Za pamtunda ndingodutsa. Ku Dieppe, m'dziko la France, mu 1942 anafa anthu a ku Canada oposa 900 tsiku limodzi. Pa 6 Juni 1944, mwa magombe asanu a ku Normandy amene asilikali anatsikirapo kuti akamasule France, limodzi, la Juno, linali lawo, ndipo anatsikapo asilikali 14,000. Mu 1945 anamasula mbali yaikulu ya Netherlands, ndipo mpaka lero dzikolo limatumiza maluwa a tulip ku Ottawa chaka ndi chaka.

Corvette imodzi yokha ndiyo yatsala, HMCS Sackville, ili ku Halifax. Kumeneko kwakutalikirani. Koma ku Hamilton, ulendo wa ola limodzi kuchokera ku Toronto, kuli HMCS Haida, destroyer imene inamiza zombo za adani zambiri kuposa chombo china chilichonse cha Canada. Amatsegulira alendo nyengo yotentha. Atengeni akulu aja mupite nawo, mukalowe mogona amalinyero muone kupanikizika kwake, ndipo mudzandiuze ngati inu mukanatha masabata awiri.