Ukonde wa baseball usakungike ngati ng'oma

Achimwene, ndaona funso lanu loti mnyamata wanu wa zaka 11 walowa Little League, ligi ya baseball ya ana, ndiye mukufuna kumumangira khola la ukonde kuseri kwa nyumba kuti aziphunziramo kumenya mpira. Ine ndinamangira wanga kuno ku South Bend, ku Indiana m'dziko la America, ndipo mpaka pano likugwirabe ntchito.

Yambani mwayeza malo. Khola lalikulu limakhala mafiti 70 m'litali, 14 m'lifupi ndi 12 kupita m'mwamba, chifukwa kusekondale woponya amaima pa mafiti 60 ndi mainchi 6. Wanuyo pa msinkhu wake amaponyeredwa pa mafiti 46, choncho la mafiti 55 limukwanira. Ngakhale la mafiti 30 ndi lothandiza ngati akumenya mpira woikidwa pa tee (kamtengo kokhazikapo mpira) kapena mukumuponyera chapafupi. Koma m'lifupi musachepetse kuposa mafiti 12, mwana azizunguza bat (ndodo yomenyera mpira) momasuka. Muonenso kolowera dzuwa, womenya asamayang'anizane nalo, poti nthawi yophunzira imakhala madzulo mukaweruka kuntchito.

Musanakumbe dzenje ngakhale limodzi, imbani 811, nambala ya foni yofunsira za mapaipi ndi mawaya a pansi pa nthaka. Salipiritsa, amabwera kudzazika timbendera modutsa mapaipi a gasi ndi mawaya a magetsi. Mufunsenso kuofesi ya mzinda ndi ku HOA (bungwe la eni nyumba a m'dera) ngati kwanuko ilipo, kuti mumve ngati amalola, ndiponso mukawauze aneba anu mwaulemu, chifukwa phokoso la bat yachitsulo limamveka patali.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritsitse ndi iyi: ukonde uzilendewera molobodoka. Ine poyamba ndinaukunga zolimba ngati chikopa cha ng'oma, n'kuumangirira pamapaipi penipeni, poganiza kuti ndiye kumanga bwino. Tsiku lachiwiri mwana anamenya mpira, unagunda paipi, n'kubwerera kudzandipeza pabondo. Ndinatsimphina sabata yathunthu, koma chimene chinandisowetsa tulo n'chakuti ukanatha kumupeza iyeyo kumaso. Mpira wa baseball ndi wolimba, umalemera pafupifupi magalamu 145, ndipo ukonde wokungika umaubweza m'malo moumeza. Ndinamasula zonse n'kuyambiranso. Pano mapaipi aima kunja, motalikirana ndi ukonde pafupifupi mafiti awiri. Pamwamba ndinayendetsa mawaya atatu achitsulo kuchokera mbali ina kukafika mbali inayo, ukonde n'kuukoloweka ndi tingowe, ndipo m'munsi ndinasiya futi imodzi itagona pansi kuti mipira isamatulukire pansi. Mpira ukaugunda umangoti phwa, n'kugwera pomwepo.

Mapaipiwo azikeni mu simenti, maenje osachepera mafiti 3. Kuno nthaka imaundana nthawi yachisanu, ndipo paipi yozikidwa pamwamba imatukulidwa n'kupendekeka. Akumapeto ndiwo amasenza kukoka konse kwa mawaya, amenewo mugule okhuthala.

Pogula ukonde muona manambala monga #21, #36 ndi #42. Nambala ikamakwera, ulusi umakhuthala. Wa #21 ndi wotchipa, koma mwana akamakula mphamvu sachedwa kuuboola. Ine ndingakulimbikitseni #36. Wapanja mutenge wa polyethylene wotetezedwa ku dzuwa, chifukwa sumwa madzi, pamene wa nayiloni umamwa madzi a mvula n'kulemera. Maso ake akhale a inchi imodzi ndi magawo atatu mwa anayi. Kumbuyo kwa womenya ndi kumapeto kumene mipira imagunda kwambiri, pachikaniko chidutswa china cha ukonde kapena kapeti yakale. Icho chikatha mumangosintha, waukuluwo uli bwinobwino.

Ndikupempheni ndithu, musaime kutsogolo kwa mwanayo popanda L-screen, chotchinga chija woponya amabisalako. Mpira wochoka pa bat umafika musanaphethire n'komwe. Iyenso azivala helemeti nthawi zonse, ndipo azing'ono ake asamatsamire ukonde kunjako, chifukwa umatukumuka mpira ukaugunda.

Ikafika Novembala, tsitsani ukondewo, muumike, muusunge m'garaja m'chidebe chotseka kuti mbewa zisaudye. Sinowo ikaunjikana pamwamba imalemera moti imapinda mapaipi. Ndi tingowe tija, anthu awiri amautsitsa pa theka la ola. Mukayeza malo anuwo mutiuze mafiti ake pano, tiwerengere limodzi mapaipi ndi waya wofunika.